Ndalama zikatsakamira panjira pogula zinthu pafoni, mlandu ndi wa yani?

Munthu akamagula mayunitsi a magetsi pafoni amaganiza kuti akuchita malonda ndi banki yake yokha. Koma pulogalamu imene watsegulayo ili ngati mthenga yemwe watumidwa kumakomo angapo pa ulendo umodzi. Imayamba yafunsa makompyuta a banki ngati mu akaunti muli ndalama zokwanira, kenaka uthenga umapita ku makompyuta ogulitsa mayunitsi a ESCOM kuti atulutse nambala ya manambala 20 ija, ndipo pomaliza kampani ya mafoni imabweretsa uthengawo kwa wogula. Zonsezi zimachitika m'masekondi ochepa kudzera m'njira zimene akatswiri amazitcha API, zomwe ndi makomo amene makompyuta a mabungwe osiyana amalankhulirana.

Luso limeneli ndi lomwe lachititsa kuti Mo626, Airtel Money kapena TNM Mpamba zikhale ngati msika wa m'thumba momwe munthu amalipiriramo madzi, magetsi ndi sukulu fizi. Kukhazikitsidwa kwa National Switch m'chaka cha 2015 kudalumikiza makina a ATM a mabanki osiyanasiyana, ndipo pambuyo pake ndalama zidayamba kuyenda pakati pa mabanki ndi makampani a mafoni. Mizere ya m'mabanki yachepa, ndipo wa kumudzi sakuwononganso ndalama ya minibasi pofuna kungolipira bilu.

Komabe unyolo umalimba molingana ndi mfundo yake yofooka. Khomo loyamba likayankha koma lachiwiri n'kuchedwa, ndalama zimachoka mu akaunti pamene mayunitsi sadafike. Pulogalamu ikadikira nthawi yomwe idaikiridwa imasiya, ndipo siidziwa ngati pempho lidafika kapena lidatayika panjira. Wogula akabwereza, akhoza kulipira kawiri. Mankhwala ake ndi odziwika: malonda aliwonse akhale ndi nambala yakeyake kuti pempho lobwerezedwa lisatengedwe ngati latsopano, ndipo ndalama zibwerere zokha ngati mbali ina yalephera. Izi zimafuna kuti mabungwe onse okhudzidwa agwirizane ndi kuikapo ndalama.

Chiopsezo china chili kunja kwa malire athu. Pa 12 May 2024 zingwe za intaneti za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zidaduka, ndipo intaneti idasokonekera m'maiko angapo a kummawa ndi kummwera kwa Africa kuphatikizapo Malawi. Pulogalamu yodalira makompyuta a kunja imafooka pa tsiku lotere ngakhale banki ili pa mtunda woyenda pansi.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Khomo lililonse limene pulogalamu yagogoda limasunga kanthu kokhudza mwini foni: nambala ya foni, nambala ya mita, ngakhale ndalama zomwe amawononga pamwezi. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024 lidapereka udindo woyang'anira nkhanizi ku bungwe la MACRA, pamene banki yaikulu ya Reserve ndiyo imayang'anira njira zolipirira. Malamulo alipo, chotsala n'chakuti munthu wamba awaone akugwira ntchito.

Funso lalikulu ndi la udindo. Wogula sadasankhe mabungwe omwe ali kuseri kwa pulogalamu, ndipo sangadziwe pamene ndalama zake zatsakamira. Choncho si chilungamo kumuyendetsa kuchoka ku ofesi ina kupita ku inzake. Amene adalandira ndalama ndiye ayenera kuyankha, kubweza m'nthawi yodziwika, n'kukathana yekha ndi anzake a malonda.

Boma ndi mabanki akulimbikitsa anthu kusiya kuyenda ndi ndalama m'manja. Koma mayi yemwe wagona mumdima atalipira magetsi adzabwerera ku ndalama za mapepala, ndipo adzauzanso anzake kuti achite chimodzimodzi.