Kadzutsa wosunga mimba amakonzedwa madzulo

Pakati pa 6 koloko ndi 7 koloko m'mawa, m'madepoti a minibasi ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu mumakhala malonda amene sasowa ogula: mandasi m'ndowa zapulasitiki, masikono, zibwente ndi zakumwa za m'mabotolo. Ambiri mwa ogulawo si anthu osowa chakudya kunyumba. Ndi aphunzitsi, anamwino, alembi a m'maofesi ndi ogulitsa m'mashopu, amene anyamuka kuli mbuu kuopa kuchedwa pamsewu. Amene apeza mpata wokhala pansi kunyumba nawonso amadya zosasiyana kwenikweni, buledi woyera wopaka majarini ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga. Ikamati 10 koloko, m'mimba mwayamba kale kulira, ndipo wina akutumidwa kukagula zina zotafuna. Kadzutsa wotereyu amatidyera masuku pamutu kawiri, chifukwa amalowetsa m'thupi mphamvu zochuluka koma sasunga mimba. Ine ndikuona kuti munthu wotanganidwa safunika zakudya zachilendo za m'masitolo aakulu kuti akonze vutoli. Mbatata, mgaiwa, dzira, nyemba ndi nthochi n'zokwanira, bola ntchito yake ichitike madzulo, moto usanazime.

Tiyambe ndi masamu, poti ndi amene amaulula pobisala pa mphamvu za m'chakudya, zomwe zimayezedwa m'makalori. Galamu imodzi ya mafuta imakhala ndi makalori 9, pamene galamu ya shuga, ufa kapena mapuloteni ili ndi 4. Supuni yaing'ono ya shuga ndi makalori pafupifupi 16, supuni yaikulu ya majarini ndi pafupifupi 100, ndipo kagawo kamodzi ka buledi woyera kamasewera pa 70 kapena 80. Munthu akadya magawo anayi opaka majarini, n'kutsitsira tiyi wa masupuni atatu, wafika kale pa makalori 450 kapena kuposerapo. Ndasi lili ndi ufa woyera ndi shuga womwewo, kuwonjezerapo mafuta amene lamwa m'chiwaya, omwe amaoneka bwino pa pepala lokulungira likasanduka loonekera. Tsopano tiike pambali pake mbale ina. Mbatata yowiritsa yolemera magalamu 200, yomwe ndi ziwiri zapakatikati, ili ndi makalori pafupifupi 160. Dzira lowiritsa lili ndi 75 komanso magalamu 6 a mapuloteni. Kuphatikiza tiyi wothira mkaka pang'ono, mbale yonseyo sifika pa 300, chonsecho ndi yolemera m'manja ndi m'mimba momwe kuposa buledi uja.

Kuti chakudya cha makalori ochepa chingakhutitse kuposa cha makalori ambiri si nkhani ya m'maluwa. Mu 1995, Susanna Holt ndi anzake a pa yunivesite ya Sydney ku Australia anapatsa anthu zakudya za mitundu 38, chilichonse cha makalori ofanana, okwana 240, n'kumawafunsa mmene akumvera m'mimba kwa maola awiri. Buledi woyera anamupatsa mapointi 100 kuti akhale poyerekezera. Mbatatesi yowiritsa inaposa zonse ndi mapointi 323, phala la oats linapeza 209, mazira 150, pamene madonati, amene ndi abale a mandasi athu, anangopeza 68. Mbatata ya kholowa ndi mgaiwa sizinali nawo pa mndandandawo, koma zomwe zinapambanitsa zakudya zija zilimonso mwa izi: madzi ambiri, madeya kapena timinyewa ta zomera timene timachedwa kugayika, ndi mapuloteni. Chakudya chokhala ndi madzi chimadzaza mimba popanda kuwonjezera makalori. Madeya amachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Mapuloteni amachititsa thupi kuuza ubongo kuti zakwana. Ufa woyera ndi shuga zili ngati moto wa mapesi, umene umalilima msanga n'kuzima mphika usanawire, pamene mgaiwa ndi nyemba ndi chikuni choyaka pang'onopang'ono mpaka masana.

Ndiye m'mbale muziikidwa chiyani Lolemba mpaka Lachisanu? Aphungu a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo m'mawa atatu okha akukwana: chokhutitsa chosakonola kapena chosakazinga, chomanga thupi, ndi chipatso. Phala la mgaiwa la masupuni aakulu anayi a ufa, lotsira supuni imodzi ya nsinjiro, lili ndi makalori ozungulira 200 ndipo limapsa pasanathe mphindi 15. Likuni Phala, losakaniza chimanga ndi soya, lomwe bungwe la Mary's Meals limaphikira ana asukulu m'dziko muno, silinalembedwe kuti ndi la ana okha; soyayo ndi amene amalipangitsa kukhalitsa m'mimba mwa munthu wamkulu. Futali wa mbatata kapena maungu amakoma ngakhale atagona. Kapu ya chambiko ndi nthochi imodzi, yomwe ili ndi makalori pafupifupi 100, safuna moto n'komwe. Nyemba, khobwe kapena nandolo zotsala madzulo, zikatenthetsedwa bwino n'kudyera mbatata imodzi, zimamufikitsa munthu pa nkhomaliro osakumbuka za mandasi. Chimanga chachiwisi chowiritsa pa nyengo yake, papaya, magwafa ndi mango zimalowa m'malo mosinthana malinga ndi mwezi. Ndipo amene angasankhe mbatata yofiira mkati, monga Zondeni, Kadyaubwerere kapena Chipika, amapezeramonso vitamini A.

Chodandaula choyamba n'chodziwika: nthawi palibe, magetsi amathima, makala akwera mtengo, ndipo kukoleza mbaula m'mawa chifukwa cha mbatata ziwiri n'kuwononga. Dandauloli n'loona, koma likuloza nthawi yolakwika. M'nyumba zambiri mbaula imakhala ikadali ndi moto nsima ya madzulo ikaphulidwa, ndipo makalawo amangonyeka okha mpaka kusanduka phulusa. Ndi pa moto umenewo pamene poto wa mbatata zotsukidwa, mazira angapo ali pamwamba pake, ayenera kutelekedwa. Dzira limalimba pa mphindi 10, mbatata imafewa banja likamamaliza kudya, ndipo m'mawa chotsala n'kusenda ndi kuika m'kontena. Phala nalo likhoza kuphikidwa pa moto wotenthetsera madzi osamba n'kuthiridwa m'fulasiki kuti likadyedwe ku ntchito. Makolo athu ankadziwa nzeru imeneyi pamene ankasunga mkute kuti ana asapite kubusa kapena kumunda ndi njala. Ngakhale tsiku limene zonse zasokonekera, pafupi ndi wogulitsa mandasi pamakhala mayi wina wa beseni la mbatata yophika, mazira owiritsa, nthochi kapena timapaketi ta mtedza. Mtengo wake susiyana kwambiri, ndipo nthawi yogulira ndi yomweyo.

Chodandaula chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Ena anganene kuti kukamba zochepetsa makalori m'dziko limene mabanja ambiri amagona ndi njala miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndi mwano. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapezadi kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti amayi 21 mwa 100 alionse anali onenepa kupyola muyezo, ndipo m'matauni chiwerengerocho chinali choposa mmodzi mwa atatu. Mavuto awiriwa akukhalira limodzi, nthawi zina m'nyumba imodzi, ndipo mizere ya odwala matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi m'zipatala zathu ikuchitira umboni. Choncho malangizo ochepetsa makaloriwa ali ndi eni ake: munthu wokhala pampando tsiku lonse, woyenda pa galimoto kupita ndi kubwera. Wakabaza, womanga nyumba, mlimi, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, ndi mwana amene akukula ayenera kudya zambiri. Chosangalatsa n'chakuti mbale yake ndi yomweyo. Wopalasa njinga awonjezere mbatata ndi nsinjiro, wa mu ofesi achepetse, koma onse apindula kuposa kudalira tiyi wa shuga ndi sikono.

Palinso amene amati njira yachidule n'kungosiya kudya m'mawa. Awa ali ndi kumene akuchokera. Mu 2019, magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza kauniuni wa akatswiri a pa yunivesite ya Monash amene anaphatikiza zotsatira za makafukufuku 13, ndipo sanapeze umboni woti kudya m'mawa pakokha kumachepetsa thupi. Odya kadzutsa ankadya makalori pafupifupi 260 ochulukirapo patsiku. Choncho munthu wamkulu wathanzi amene samva njala m'mawa, ndipo amafika masana bwinobwino, palibe chomukakamizira. Koma ambiri amene amati sadya m'mawa amadya ndithu, kungoti amadyera pa desiki nthawi ya 10 koloko, ndipo chimene amadya chimasankhidwa ndi njala pamodzi ndi wogulitsa amene wayandikira. Njala sisankha dzira. Imathamangira chotsekemera ndi chonona. Kafukufuku wa Kevin Hall ku America, wa mu 2019 momwemo, anaonetsa kuti anthu 20 atapatsidwa zakudya zopangidwa kwambiri m'mafakitale ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera patsiku kusiyana ndi masabata amene ankapatsidwa zakudya zosasinthidwa kwambiri, ngakhale ankaloledwa kudya mmene afunira nthawi zonse ziwiri. Phunziro lake n'lakuti mtundu wa chakudya ndi umene umalamula kuchuluka kwa zimene tidye.

Chopinga chachikulu, ngakhale sichitchulidwa poyera, ndi manyazi. Buledi ndi majarini zinasanduka chizindikiro chakuti munthu zikumuyendera, ndipo kutsegula kontena ya mbatata mu ofesi kumaoneka ngati kulengeza kuti mwezi wafika pakona. Maganizo amenewa amatilipiritsa ndalama zambiri. Tirigu wopangira buledi, masikono ndi mandasi, pafupifupi yense amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko likuzisowa. N'chifukwa chake mtengo wa buledi unalumpha nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, n'kulumphanso ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mbatata, mtedza, soya ndi nthochi zimalimidwa konkuno, ndipo ndalama yogulira imapita m'thumba mwa mlimi wa ku Mchinji, ku Dedza kapena ku Thyolo. Za shuga nazo tisadzinamize. Ndi zoona kuti shuga wogulitsidwa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, koma zimenezo sizimusandutsa mankhwala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wothira asapose masupuni aang'ono pafupifupi 12 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo kutsika kufika pa 6 n'kwabwino koposa. Makapu awiri a tiyi wa masupuni atatu amaliza kale asanu ndi limodziwo. Kuchotsa supuni imodzi pa sabata ziwiri zilizonse kumapatsa lilime mpata wozolowera.

Zakudya zakwathuzi nazo zimafuna maso, chifukwa kukhala zachilengedwe sikutanthauza kuti zingadyedwe mopanda muyezo. Mtedza uli ndi makalori oposa 550 pa magalamu 100, kotero kadzanja kamodzi kapena supuni ya nsinjiro n'zokwanira. Ndipo mtedza wachuku, wofota kapena wowawa uyenera kutayidwa chifukwa umakhala ndi poizoni wowononga chiwindi. Chinangwa chili ndi makalori pafupifupi kuwirikiza kawiri a mbatata, choncho chidutswa chichepe, ndipo chikhale chosawawa monga manyokola, chophikidwa mpaka kupsa. Peyala ndi labwino kupaka m'malo mwa majarini, koma theka la laling'ono likukwana. Mbatata ikangolowa m'chiwaya cha mafuta, phindu lonse lija lapita. Thobwa lothira shuga wambiri silisiyana kwenikweni ndi chakumwa cha m'botolo. Chakudya chogona chivundikiridwe, chiikidwe pozizira, ndipo nyemba zitenthetsedwe mpaka kubwata, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Amene ali pa mankhwala a shuga afunse achipatala za muyezo wa phala ndi mbatata asanasinthe kadyedwe.

Udindowu usathere pa khomo la munthu mmodzi. Maofesi, mabungwe ndi mipingo zimagula chakudya cha m'misonkhano tsiku ndi tsiku, ndipo pafupifupi paliponse chimakhala chakumwa chotsekemera, samusa ndi bisiketi, ngakhale pa msonkhano wokambirana zaumoyo. Amene amasainira ndalama zimenezi akhoza kuitanitsa mazira owiritsa, mbatata, zipatso za nyengoyo ndi tiyi amene aliyense adzithirire yekha shuga, ndipo bajeti yake singakwere. Malo odyera a pa ntchito akhoza kugulitsa phala la mgaiwa m'makapu kuyambira 7 koloko. Akuluakulu a pa ntchito akayamba kudya zimenezi poyera, manyazi a antchito awo adzatha msanga kuposa mmene nkhani ya m'nyuzipepala ingawathetsere. Kunyumba nako, funso loti mawa m'mawa kudyedwa chiyani lifunsidwe pamodzi ndi la ndiwo zamadzulo, ndipo lisasiyidwire mayi yekha, poti kutsuka mbatata zinayi ndi kuteleka poto ndi ntchito imene bambo kapena mwana wa sekondale angaigwire pa mphindi zisanu.