Kalulu wa Pepala Angathe Kuyenda

Ana athu ambiri amaonerera makatuni, koma ndi ocepa amene adziwa kuti cithunzi cimayenda bwanji. Ganizo langa ndi lakuti mphunzitsi wa Cinyanja ayenera kuwaphunzitsa kupanga kanema wa zithunzi zodulidwa pa pepala, cifukwa nchito imeneyi ilimbitsa luso la kusimba nthano.

Njira yake ndi yapafupi. Mwana ajambula Kalulu pa katoni, adula mutu, thupi ndi miyendo padera, nazilumikiza ndi ulusi. Aika Kalulu pa tebulo, atola cithunzi ndi foni, asuntha mwendo pang'ono, natolanso cina. Zithunzizo zikaonetsedwa mofulumira motsatizana, diso liona Kalulu akuyenda. Ngati tiika zithunzi 12 pa sekondi imodzi, masekondi 10 afuna zithunzi 120.

Luso limeneli si lacibwana. Mai Lotte Reiniger wa ku Germany anatha zaka zitatu akupanga The Adventures of Prince Achmed, kanema amene anaoneka mu 1926. Anthu a m'kanemayo anali zithunzi zakuda zodulidwa ndi sizasi, zoikidwa pa galasi lounikiridwa kunsi. Mu 1975 Yuri Norstein wa ku Russia anapanga Hedgehog in the Fog mwa kusanjikiza zidutswa pa magalasi angapo, kuti nkhungu ioneke ngati yeniyeni. Ubwino wa nchito zotere uli m'kuonekera kwa dzanja la munthu: pepala likhala pepala, komabe woonerera amvera cisoni kanyama kosocera.

Nanga phindu lake m'phunziro la cinenero n'ciani? Popeza kusuntha kulikonse kudya nthawi, ana sangajambule zonse. Ayenera kukambirana kuti nthano iyambira pati, cimatsatira n'ciani, ndipo ithera pati. Ayenera kusankha mau amene Fulu adzayankha Kalulu, ndi kuyeseza nyimbo ya m'nthanoyo. Mwana wamanyazi, amene sangaimirire pamaso pa anzake, kawirikawiri amamasuka polankhulira cidole.

Ena adzati kalasi ya ana 60 ilibe nthawi ya zotere, ndipo zipangizo n'zosowa. Dandaulo ili n'lomveka. Koma katoni yakale, makala, ulusi ndi foni imodzi yomangirira pa mpando n'zokwanira. Gawani ana m'magulu: ena ajambule, ena adule, ena akonze mau, ena asunthe zidutswa. Sankhani gawo limodzi lokha la nthano. Kumene kulibe foni, nyali ndi nsalu yoyera zidzapereka sewero la zithunzithunzi, ndipo kukambirana kwa ana kudzakhala komweko.

Mukapita kukaphunzitsa, yesani njirayi kamodzi pa temu. Tumani ana kuti akafunse nthano kwa ambuye awo, ndipo ikatha nchito, itanani makolowo kuti adzaone ndi kuweruza ngati adzukulu aisimba bwino.