Kulankhula Chingerezi chabwino si kudziwa kuchiphunzitsa

Nditangomaliza digiri yanga, ntchito ya utolankhani inasowa. Mnzanga wina anandipezera ganyu pa sekondale ina ya pulayiveti. Mwini sukuluyo atangomva mmene ndimayankhulira Chingerezi, anati mawa lomwe ndikayambe Fomu 3. Za pepala la uphunzitsi sanafunse n'komwe.

Sabata yachiwiri mtsikana wina anakweza dzanja. "Aphunzitsi, 'I ate' ndi 'I have eaten' zimasiyana pati?" Kugwiritsa ntchito ziganizo ziwirizo ndinkadziwa bwinobwino, koma kufotokoza kunandikanika. Ndinangoti, "Mudzazolowera." Mpaka lero ndikakumbukira yankho limenelo ndimachita manyazi.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzanga amene amati maphunziro a uphunzitsi ndi kutaya nthawi bola Chingerezi chikutuluka.

Taonani njira yake. Kuti ulowe yunivesite pamafunika ma credit 6 pa MSCE, Chingerezi chili momwemo. Kenako zaka zinayi za Bachelor of Education, kaya ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Mzuzu University. Makoleji a Domasi ndi Nalikule nawonso amaphunzitsa aphunzitsi a sekondale. M'zaka zimenezi munthu amawerenga mabuku a literature, amaphunzira kapangidwe ka chiyankhulo, njira zophunzitsira, kaganizidwe ka mwana, ndi kakonzedwe ka mayeso. Amapitanso ku teaching practice, komwe amaima pamaso pa kalasi yeniyeni, womuyesa atakhala kumbuyo ndi cholembera. Akamaliza amayenera kulembetsa ku Teachers Council of Malawi, bungwe lomwe linadza ndi lamulo la maphunziro la 2013.

Zonsezi ine ndinazidumpha, ndipo amene analipira ndi ana aja. Musaiwale kuti mwana akalephera Chingerezi, satifiketi ya MSCE sapata, ngakhale Masamu ndi Biology atakhoza bwanji. Ndiye phunziro lotere tingalipereke kwa aliyense wongodziwa kupinda lilime?

Ena anena kuti aphunzitsi ndi ochepa, makamaka m'ma CDSS akumidzi, pomwe achinyamata a madigiri ali phwii pakhomo kusowa chochita. Zoona zimenezo, inenso ndinali mmodzi wa iwo. Koma ngati tikufuna achinyamata amenewa m'kalasi, tiwaphunzitse kaye uphunzitsiwo. Njira ilipo kale: University Certificate of Education, ya anthu amene ali ndi digiri ya zina. Boma ndi eni sukulu za pulayiveti athandize anthu kulipira maphunzirowa, ndipo khonsolo ija izifika m'sukulu kukaona amene agwira choko.

Mayunivesite nawonso ali ndi gawo lawo. Mphunzitsi wa Chingerezi kuno amaphunzitsa mwana amene kwawo amayankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyawo. Mwana akasokoneza "he" ndi "she" si umbuli ayi, Chichewa chimangoti "iye" basi. Mphunzitsi wodziwa zimenezi sakalipa, amadziwa poyambira. Maphunziro a ziyankhulo zathu akhale pakati penipeni pa digiri imeneyi.

Kwa inu amene mukusankha kosi chaka chino, musalembe Education ngati pothawira zina zikakanika. Ine ndinakhalamo m'kalasi teremu imodzi yokha, ndipo ndinatuluka ndikudziwa kuti ntchito imeneyi imafuna munthu woiphunzira.