Thirakitala yosalima

Mphwanga wina, mwana wa mlongo wanga, amayendetsa njinga yamoto pakati pa Chiponde ndi Mandimba. Loweruka lapitali anandipeza ndikumwa tiyi pakhonde la kagolosale kena pafupi ndi chipata, ndipo moni asanapereke n'komwe anandiika foni kumaso.

"Amalume, taonani izi."

Poyamba ndinayesa ngozi. Inali thirakitala, ngati tingaitchulebe choncho, ya matayala akumbuyo ofika munthu m'khosi, injini zingapo zili pamtetete popanda chophimba, mphuno itadzuka m'mwamba ngati mbuzi yofuna kugunda inzake. Inkakhwekhwereza chingolo chachitsulo pa dothi, fumbi lili koboo. Masekondi 20 asanakwane inaima. Anthu odzaza bwalo anaimirira n'kukuwa ngati Bullets yagoletsa wosewetsa mpira ali pafupi kuimba wezulo yomaliza.

"Ndiye yalima pati?" ndinafunsa.

"Siyolima imeneyi, Amalume. Ndi mpikisano."

Kenako anakhuthula zonse zimene zinali kumtima. Pano malole amagona pamzere tsiku ndi tsiku kudikira mapepala. M'maesiteti a ku Namwera muli mathirakitala. Titangoyambitsa ife, anthu adzabwera kuchokera ku boma, ku Liwonde, ngakhale ku Cuamba. Chimene chikusowa, iye anatero, ndi masapota basi, ndipo masapota masiku ano amapezeka pa Facebook. Dzina la tsambalo anali atalipeza kale.

Sindinamuseke, ngakhale kuseka kunali pakhosi. Ndinamupempha kuti andionetsenso kawiri, chifukwa chimene chinandikoka mtima chinali chingolo chija. Pali nzeru pamenepo. Chili ndi matayala kumbuyo kokha, kutsogolo kuli chitsulo chathyathyathya chimene chimakhula pansi. Pamwamba pali bokosi lodzaza zitsulo zolemera. Poyambira, bokosilo limakhala kumbuyo pamwamba pa matayala, ndiye katundu amayenda mosavuta. Chingolo chikamayenda, bokosi limasendera kutsogolo pang'onopang'ono, kulemera konse n'kumatsikira pa chitsulo chokhula pansi chija, mpaka chimaluma dothi. Ukamapita patsogolo m'pamenenso katundu akulemererabe. Amene anabwerekapo katapila safunika kumufotokozera kawiri. Njira yake ndi ya mafiti 300 ku America, ku Ulaya mamita 100. Wafika patali ndiye wapambana, ndipo ngati angapo afika kumapeto, amawonjezera kulemera n'kuwabweza kuti akokenso.

Masewerawa ali ndi eni ake. Ku America bungwe lawo, National Tractor Pullers Association, linakhazikitsidwa mu 1969 pofuna kuti malamulo akhale amodzi, popeza dera lililonse linkachita zake. M'tauni ya Bowling Green ku Ohio mumachitika mpikisano waukulu mwezi wa Ogasiti, ndipo unayamba mu 1967. Ku Netherlands anautengera mu 1977, n'kufalikira ku Germany ndi mayiko oyandikana nawo. Lero ena amamangirira injini za ndege ndi za helikoputa pa chimango chimene sichinaonepo mzere wa chimanga chibadwire.

Koma mbiri imene ndinafuna kuti mphwangayo aimve ndi ya kale chingolo cha bokosi chisanabwere. Zonsezi zinayamba ndi alimi odzitama. Wina ankati hatchi yake ndi yamphamvu kuposa ya mnzake, ndiye ankayala chitseko pansi, kuchimangirira ku hatchi, anthu n'kumakwerapo mmodzimmodzi mpaka hatchi italephera. Mathirakitala atabwera, mwambo unapitirira. Anthu ankandanda m'mbali mwa njira motalikirana mofanana, chingolo chikafika pamene waima iwe umakwerapo, chikafika pa mnzako nayenso amakwera. Katundu wake anali anthu oonerera omwewo. Munthu ankabwerera kunyumba n'kukauza mkazi wake kuti thirakitala ya uje inafa nditakwera ine. Ndiuzeni ngati munthu wotereyu angajombe chaka chamawa.

Apa m'pamene ndimasiyana maganizo ndi tsamba la pa Facebook. Anthu a ku Ohio sanayambe ndi kufunafuna masapota. Amene ankadzaza bwalo anali anthu odziwa kulira kwa injini ikatopa, chifukwa ankaimva m'munda mwawo sabata yonse, ndipo wokokayo anali mnansi amene amabwerekana naye zipangizo. Khamu linalipo kale, mpikisano unangolipatsa tsiku ndi malo.

Khamu lotere ife tili nalo, ndipo sindikunena mongosangalatsa mphwanga. Amene anakhalapo kuno zaka zimene msewu wa ku Cuamba unali wafumbi akudziwa zimene Januwale ankachita. Walira mvula walira matope. Ndimakumbukira lole ina yodzaza matumba imene inapatuka pa tara kufuna kutembenuka, matayala akumbuyo n'kutitimira mpaka m'chiuno. Panalibe chikwangwani choitana anthu, panalibe wolengeza pa wailesi. Koma ola lisanathe, amayi a zitumbuwa anali atasamutsira malonda awo pomwepo, osintha ndalama aiwala ma meticais m'thumba, ana a sukulu asanduka akatswiri a zamagiya. Aliyense anali ndi malangizo. Wina akuti ikani miyala, wina akuti phwetsani matayala, mkulu wina wa chipewa choyera akungopukusa mutu kunena kuti dalaivala wa masiku ano sadziwa kunyengerera galimoto. Itabwera lole ina ndi unyolo, anthu anagawikana okha popanda wowauza: awa akuti itulutsa, awa akuti nayonso itsala momwemo. Pokoka kachitatu, matope anamasula, ndipo mfuwu umene unamveka tsiku limenelo sindinaumvepo pa msonkhano wa chipani chilichonse.

Kunyanja ndi chimodzimodzi. Tsikirani phiri, muoloke Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, mupite padooko m'mamawa. Khoka likamatuluka, amene anabwera kudzangoona amapezeka wagwira chingwe, ndipo sabwerera chimanjamanja, amapatsidwa ya ndiwo. Kwathu kuno woonerera ndi wokoka amakhala munthu mmodzi yemweyo, kungodalira kuti chingwe chadutsa pafupi ndi ndani.

Ndiye vuto si anthu. Vuto ndi chokokera.

Lole imene mphwanga akuiwerengera pamzere paja si ya dalaivala. Mwini wake ali ku Blantyre kapena ku Nampula, ndipo ambiri masiku ano amaona pa foni pamene galimoto yawo ili. Dalaivala amene angawotche klatchi pofuna kusangalatsa anthu a pa Chiponde adzabwerera kwawo pa minibasi, ntchito itatha. Thirakitala ya pa esiteti nayo ili ndi kapitawo wake, ndipo ikafa chipangizo chake sichipezeka pa msika wa Namwera. Onjezerani dizilo. Ife amene m'zaka zapitazi tagona pa mizere ya mafuta, ndipo taona zigubu zikuoloka malire pa njinga, tingayang'ane bwanji utsi wakuda uja osawerengera mumtima kuti ndi malita angati akupita kumwamba?

Palinso china chimene chimandiwawa ndikamva mawu akuti thirakitala. Mu 2016 Ombudsman wa nthawi imeneyo, mayi Martha Chizuma, anatulutsa lipoti la mathirakitala 177 ndi makina otongolera chimanga 144 amene boma linagula ndi ngongole ya ku India kuti athandize alimi. Ambiri anathera m'manja mwa andale ndi akuluakulu ena pa mtengo wozizira, ngongole n'kutsalira tonsefe. Mlongo wanga, mayi ake a mnyamata yemweyu, amalimabe ndi khasu la mpini wofupika ngati mmene ankalimira agogo athu. Ku Ohio thirakitala inasanduka choseweretsa itatha kulima minda yonse, zakale zili mbwee kuseri kwa nkhokwe. Kwathu ikadali mlendo wolemekezeka amene akadutsa ana amamuthamangira. Mlendo wotere sungamuuze kuti avule jekete agwetsane ndi mnzake pabwalo.

Zonsezi ndinamuuza, ndipo nkhope inagwa. Koma ndinaona kuti ndamulanda chinthu osamupatsa china, ndiye ndinamulozera kumsewu. Panthawi yomweyo pankadutsa bambo wina akukankha njinga yakapalasa itasenza matumba atatu, thukuta lili kamukamu, kumbuyo kwake mnyamata wa kabaza atanyamula mayi, mwana ndi dengu la tomato.

"Awo ndiwo mathirakitala athu," ndinatero.

Sindinkaseka. Palibe pa Chiponde amene sadziwa kuti wakabaza wamphamvu ndi ndani, ndipo palibe awiri amene amagwirizana pa dzina limodzi. Mkangano umenewu ndi wakale, umabuka pa bawo, umabuka pa malo ometera, ndipo sunathetsedwepo chifukwa palibe muyeso. Anyamata a njinga zamoto nawo amanyozana tsiku lililonse za amene amakwera chitunda atanyamula anthu awiri osasintha giya. Chimene azungu aja anachita n'kutenga kudzitama kwa mtundu umenewu n'kukupatsa mzere woyambira, tepi yoyezera ndi munthu wogamula amene onse amamukhulupirira. Mbali imeneyi ndi imene tingatengere, ndipo siifuna dola.

Malamulo ndiwo amasunga anthu, osati phokoso. Tsiku loyamba anthu amabwera chifukwa cha chidwi. Amabweranso kachiwiri ngati akhulupirira kuti sanaberedwe. N'chifukwa chake kunja kuja amayeza kulemera kwa thirakitala iliyonse isanakoke n'kuiika m'gulu la zinzake. Ifenso wa njinga yakapalasa apikisane ndi wakapalasa mnzake, wa injini yaing'ono ndi mnzake, ndipo anyamata a ku Mandimba aitanidwe, chifukwa palibe chimene chimadzaza bwalo la m'malire kuposa mwayi wogonjetsa a tsidya lija. Wogamula asakhale m'bale wa wokoka aliyense, zimene pa Chiponde zingafune kuti timutenge ku Karonga. Tsiku likhale lodziwika, lomwelomwelo chaka ndi chaka, anthu atakolola, nthaka itauma, m'thumba muli kenakake ka nandolo kapena fodya. Lisakhale Lachisanu masana, pokhapokha ngati ukufuna kukoka wekha anthu onse ali ku mzikiti. Ndipo mfumu imve nkhaniyi kuchokera pakamwa pako isanaimve kwa ena.

Ndinamuchenjezanso za chingwe. Amene anaonapo unyolo ukuduka lole ikukoka inzake amadziwa kuti umakwapula ngati chikoti ndipo susankha. Kunja kuja thirakitala iliyonse imakhala ndi kachingwe kolumikiza ku chingolo, koti ikangomasuka injini izime yokha, ndipo anthu amakhala kuseri kwa mpanda. Mwana mmodzi akavulala tsiku loyamba, palibe mayi amene adzalole wake kubweranso, ndipo amayi akakana, bwalo latha. Ndi iwo amene amabweretsa mandasi, thobwa ndi theka la khamu.

Foni ija sindikuitaya. Ijambule, itumize kwa abale athu ali ku Johannesburg ndi ku Durban, amene kuno ku Mangochi pafupifupi banja lililonse lili naye wake. Iwo akaona mng'ono wawo akukoka, mphoto ya chaka chamawa mwina ichokera komweko. Koma foni imafalitsa chimene chachitika. Siingasonkhanitse anthu pa chinthu chimene kulibe.

Mphwanga anachoka osanena zambiri, ndipo ndinaganiza kuti wakwiya. Lachitatu madzulo anandiimbira kuti ndipite kuseri kwa shedi ya mnzake wowotcherera zitsulo. Ndinapeza chitseko chakale cha galimoto atachigoneka chagada, atachiboola kutsogolo n'kumangapo chingwe cha khoka. Pansi anali atajambula mizere ndi phulusa, mapazi khumi khumi. Pa mzere uliwonse panaima mwana, aang'ono kumayambiriro, okulirapo chakutsogolo, onse ali chete ngati asilikali pa perete. Wakabaza wina wa miyendo ngati mitsi anali atakwera kale njinga, chingwe chili ku chonyamulira katundu. Pampanda panali anthu oposa 30 amene palibe anawaitana, ndipo awiri anali atayamba kale kukangana za mzere umene afere.

Ndinafunsa pamene ndingakhale kuti ndionere bwino.

Mphwanga anandiyang'ana kuyambira kumutu, maso ake n'kuima pamimba.

"Inu Amalume simukhala pansi ayi. Muima pa mzere womaliza. Sitikufuna kuti wina afike kumapeto tsiku loyamba."