Maselo akugunda m'labotale, ife tiyang'ane pakhosi pa mwana

Mwina mwaonapo pa foni kavidiyo ka timaselo tikugunda m'kambale ka m'labotale, popanda munthu. Si matsenga. Mu 2007, Shinya Yamanaka wa ku Kyoto University ku Japan anabweza maselo a pakhungu la munthu kukhala ngati a mluza, otha kusanduka maselo a chiwalo chilichonse. Akatswiri akawapatsa mankhwala oyenera, pakatha sabata imodzi kapena iwiri ena amasanduka maselo a mnofu wa mtima n'kuyamba kugunda.

Poyamba selo lililonse limagunda palokha, lina mofulumira, lina pang'onopang'ono. Akakhudzana, amatsegula timipata topatsirana mphamvu ya magetsi, ndipo onse amatsata limene likugunda mofulumira. Amene anaonapo asodzi a ku Kande akukoka khoka akudziwa: mmodzi akaponya mayimbidwe, manja onse amakoka pamodzi. M'mimba mwa mayi, mtima wa mwana umayamba kugunda chotero pakangotha masabata atatu mimba itakhala.

Mu 2020 madokotala a ku Osaka anamata timapepala ta maselo otere pamtima wa wodwala. Ndi chinthu chachikulu, sindikutsutsa. Koma maselo a m'labotale ndi anthete ngati a mwana wosabadwa, ndipo amakonza mnofu. Vuto lomwe limasautsa ana athu ambiri lili pa mavavu, tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo.

Zimayamba ndi zilonda zapakhosi zobwera ndi bakiteriya wotchedwa streptococcus, makamaka mwa ana a zaka 5 mpaka 15. Zikasiyidwa, patapita masabata awiri kapena atatu chitetezo cha thupi chimatha kusokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi mtima womwe. Mwana amatentha thupi, mfundo zimawawa, lero bondo, mawa chigongono. Ambiri timangoti ndi malungo, timagula Panado pagolosale, nkhani yatha. Patapita zaka mwanayo amabanika pokwera kachitunda kopita kusukulu, miyendo n'kutupa. Nthendayi imapha anthu oposa 300,000 chaka chilichonse padziko lonse, ndipo amene vavu yake yawonongeka kwambiri amadikira mwayi wa opaleshoni kunja, monga ku India.

Makolo, mwana akamalephera kumeza, thupi likutentha koma alibe chimfine kapena chifuwa, mupite naye ku chipatala cha Chintheche kapena chapafupi ndi inu. Ngakhale magazi asonyeze kuti malungo mulibe, nenani za pakhosipo. Penicillin amapha bakiteriyayu, bola amalize mankhwala onse.

Inu mavolontiya a ku Mpamba ndi Usisya, mwana amene anapezeka kale ndi nthendayi amafunika jakisoni wa benzathine penicillin masabata anayi aliwonse kwa zaka zambiri. Amawawa, ndipo ana amamuthawa. Lembani tsiku lake m'kope lanu, ndipo akadumphitsa, kam'tsateni kunyumba.