Inde, ndi masanje. Nanga mlandu uli pati?

Loweruka lapitali, cha m'ma 9 koloko usiku, ndinali pakati pa ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg. Ndege inali Boeing 737-800, mamita pafupifupi 11,000 m'mwamba, Zambezi nditawoloka kale. Thupi lokha ndi limene linatsalira pampando wapulasitiki m'chipinda chathu ku hositelo, mahedifoni kukhutu, laputopu ikutentha ngati mbaula. Mnzanga wogona naye chipinda anaima kumbuyo kwanga kwa kanthawi, kenaka anaponya funso limene ndalimva kosawerengeka chiyambireni zimenezi: "Amwene, ndiye zimenezi zimakupatsani zingati?"

Sizindipatsa kanthu, ngakhale tambala. Ndipo ndatopa ndi kuyankha funsoli mwamanyazi ngati mwana wogwidwa dzanja lili mumphika wa ndiwo.

Kwa amene simukuzidziwa: pali mapulogalamu a pakompyuta otsanzira kuyendetsa ndege. Yotchuka ndi Microsoft Flight Simulator, imene inatuluka koyamba mu 1982. Ine ndimagwiritsa ntchito X-Plane 11, chifukwa Flight Simulator ya 2020 imafuna malo okwana 150GB ndi intaneti yamphamvu, zimene laputopu yanga ndi thumba langa sizingafikepo. Ukhoza kumauluka wekhawekha, kugwetsa ndege, kuyambiranso, popanda wokufunsa. Ena zimenezo sizitikwana. Timalowa chimene amati virtual airline, kampani ya ndege yongoyerekeza, yoyendetsedwa ndi anthu odzipereka, yokhala ndi ndandanda ya maulendo, maudindo ndi malamulo ngati yeniyeni.

Kuti ndilowe yanga ndinadzaza fomu, kenaka ndinalemba mayeso. Anandifunsa kuwerenga METAR, lipoti lalifupi la nyengo ya pabwalo la ndege, komanso kutchera QNH kuti chida chokuuza kuti uli m'mwamba motani chisakunamize. Koyamba ndinalephera, ine amene sindinabwerezepo kozi pasukulu pano. Kachiwiri ndinakhoza, ndipo anandipatsa nambala ndi udindo wotsikitsitsa. Kapulogalamu kena ka ACARS kamalemba zonse zimene ndikuchita: nthawi yonyamukira, mafuta, liwiro, ndi mmene matayala agundira pansi potera. Ndikafika kamatumiza lipoti lotchedwa PIREP, ndipo wina kwinakwake amalivomereza kapena kulikana. Ulendo wa maola awiri ndi theka umatenga maola awiri ndi theka, chifukwa kuthamangitsa wotchi n'koletsedwa. Malipiro palibe.

Mnzanga atamva zonsezi anaseka mpaka kudzigwetsa pabedi. "Ndiye kuti mumagwira ganyu yaulere kwa bwana woti kulibe. Masanje enieni amenewa."

Sananame. Ndi masanje, ndipo dzinalo ndalilandira ndi manja awiri. Amene munakulira kumudzi mukukumbukira timisasa timene tinkamanga anthu akatha kukolola, wina nkukhala bambo, wina mayi, wina mfumu, tikuphika chimanga chokunkha m'tizitini. Malamulo ake anali okhwima kuposa a kwathu: woti wasankhidwa kukhala mwana sakanalamula aliyense. Amene munakulira m'tauni munali ndi galimoto yamawaya, ndipo simunkangoikankha chisawawa. Munkaima pasiteji, kukweza anthu osaoneka, kuliza hutala pakamwa. Sindikumbukira munthu wamkulu aliyense akutiimitsa kuti atifunse kuti tikupeza zingati.

Anzanga ambiri a masewerowa akapanikizidwa amathawira ku yankho limodzi: ndikukonzekera kudzakhala woyendetsa ndege. Yankho limenelo ine ndikulikana. Kwa ambiri a ife ndi bodza. Chiphaso choyambirira cha woyendetsa ndege chimafuna maola osachepera 40 m'ndege yeniyeni, cha kaputeni wa ndege zonyamula anthu chimafuna maola 1,500, ndipo maola 212 amene ndaunjika ku kampani yanga sangalembedwe m'kaundula wa woyendetsa ndege ngakhale mphindi imodzi. Ine ndimaphunzira mbiri yakale. Masamu ndinasiyana nawo ku Fomu 4 mosatsanzikana bwino, ndipo ndege yeniyeni sindinakwerepo. Koma chachikulu n'chakuti ukayankha choncho wavomera kale mlandu. Wavomera kuti chinthu chimayenera kulonjeza ndalama, kaya lero kaya zaka khumi zikubwerazo, kuti chiloledwe.

Chikhulupiriro chimenechi ndicho ndikulimbana nacho, osati mnzanga uja. Tonse takula tikuuzidwa kuti ntchito kulibe, digiri ndi pepala chabe, munthu azitakata. Zoona zake zilipo, ndipo tikuwaona akuluakulu athu ali ndi mapepala awo akugulitsa mayunitsi. Koma uthengawu wanenepa mpaka wameza china chilichonse. Woimba bwino m'bafa amauzidwa kuti atsegule TikTok. Wokazinga mandasi okoma amauzidwa kuti aziika mitengo pa WhatsApp. Mtsikana woluka anzake tsitsi Lamlungu masana, akucheza nawo, amatchedwa wogona chifukwa salipiritsa. Inenso wina anandilangiza, mwachikondi ndithu, kuti ndizijambula maulendo anga n'kumaika pa YouTube kuti "zizilowa". Tafika poti sitingathe kuona mnzathu akusangalala osayamba kumuwerengera.

Chodabwitsa n'chakuti funsoli silifunsidwa kwa aliyense. Mnzanga yemweyu amabetcha mpira Loweruka lililonse, ndipo zimene wataya semesita ino zikanandigulira joystick yabwino. Palibe amene amamufunsa, chifukwa kubetcha kumanunkha ndalama, ngakhale ndalamazo zikulowera kwa eni ake. Arsenal ikapambana amayenda m'kolido akukuwa kuti "tawina", iye amene London sanaipondepo, atavala jezi ya pakaunjika yolembedwa dzina la munthu wina kumsana. Sindikumunyoza, mpira ndimaukonda. Ndikungoti nayenso ali pamasanje, kungoti ake ali ndi anthu ambiri, ndiye anasiya kutchedwa masanje.

Ndiye pali nkhani ya ndani akusewera. M'kampani yanga muli azibambo a ku Ulaya opuma pantchito amene anamanga chipinda chonse choyendetsera ndege m'galaja, mabatani ndi zonse. Amenewo dziko limati ali ndi chokonda chawo, n'kuwasirira. Ine, wa laputopu yong'aluka pakona, ndikutaya nthawi. Pansi pa funso lakuti "zingati" pagona chiganizo chakuti wosauka alibe ufulu wochita chinthu chopanda phindu, kuti ola lake lililonse lili ndi ngongole. Chiganizochi si chachilendo kuno. Atsamunda atabweretsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, china chimene ankafuna chinali kutulutsa amuna m'midzi kuti akagwire ntchito, ndipo munthu wakuda wokhala pansi pa mtengo akusewera bawo ankaoneka ngati chuma chikuwonongeka. Thangata wa m'minda ya azungu ku Chiradzulu, amene anali chimodzi mwa zokwiyitsa John Chilembwe mu 1915, anamera m'nthaka yomweyo. Mwina ndakokomeza poyerekeza zimenezo ndi nthabwala za ku hositelo. Koma kale wowerengera maola athu anali kapitawo, ndipo lero tikuwerengerana tokha, mwaulere.

Ife a kuno ku humanities ndiye sitiyenera n'komwe kukodwa mumsampha umenewu, poti funso lomweli ndi limene amalume athu amatifunsa za digiri yathu. Timawerenga za Johan Huizinga, katswiri wa mbiri wa ku Netherlands amene mu Homo Ludens, buku la mu 1938, ananena kuti kusewera n'kwakale kuposa chikhalidwe, ndipo kuti milandu, ndakatulo ndi miyambo zinaphukira m'masewero. Timazilemba bwinobwino pamayeso, n'kupeza mamalikisi, kenaka n'kutuluka panja kukafunsa mnzathu kuti masewero ake akumupatsa zingati.

Pali pamene otsutsa ali ndi mfundo, ndipo sindithawapo. Laputopu iyi amayi anagula ndi ngongole ya banki mkhonde kuti ndizilembera za sukulu, osati kuti ndizipita ku Nairobi usiku. Chaka chatha ndinapereka ntchito ina ya m'kalasi mochedwa chifukwa cha ulendo ngati umenewo, ndipo anandidula mamalikisi moyenera. Amayi atandifunsa kuti "Kodi sukulu ikuyenda?", ndiyenera kuyankha mutu uli pansi, chifukwa ali ndi ufulu wonse. Koma limenelo ndi funso lina. Limafunsa ngati masewero akudya zimene sayenera kudya. Funso la mnzanga limafunsa chifukwa chiyani masewerowo sali geni.

Mukafuna kudziwa chimene chimandikhazika pampando uja, sindikupatsani phindu, ndingokuuzani mmene zimakhalira. Ndimauluka pa VATSIM, gulu limene linayamba mu 2001, mmene anthu enieni amakhala oyendetsa ndege ndipo ena amakhala owongolera ndege kuchokera pansi, onse mwaulere. M'mlengalenga mwa kuno kwathu nthawi zambiri simukhala wowongolera aliyense, ndiye umatchera wailesi pa 122.800 n'kumalengeza zimene ukuchita kwa anthu oti mwina kulibe. Umanyamuka pa Kamuzu, kudutsa pafupi ndi damu la Cahora Bassa, kulowa Zimbabwe, Masvingo, kenaka Limpopo cha pa Beitbridge. Msuweni wanga anadutsa pa Beitbridge pomwepo pabasi, masiku awiri panjira, popita kukasaka maganyu ku Joni. Ine ndimapadutsa m'mphindi imodzi, ndipo sindinapadutsepo osamukumbukira. Ukayandikira Johannesburg, tsiku labwino, mawu a munthu amatulukira m'mahedifoni, akutchula nambala yako. Tsiku loyamba lilime linandilemera, ndinabwereza molakwika malangizo ake kawiri konse. Iye anangobwerezanso modekha mpaka ndinatera pa 03R. Sindidziwa nkhope yake. Chimene ndidziwa n'chakuti nayenso anapereka Loweruka lake usiku popanda womulipira, kuti mlendo wosadziwika atere bwino ndege yoti kulibe.

Tsopano ndikutembenukira kwa anzanga a m'kampani momwemo, chifukwa matenda owerengera aja afikanso pamasanje penipeni. Mu June ndinali nditayamba kutsika kulowera ku Johannesburg, maola awiri atapita kale, magetsi anathima. Batire ya laputopu yanga X-Plane imaimaliza m'mphindi khumi. Ulendo unafera m'mwamba. Ndinalemba kupempha kuti andilole kutumiza lipoti pamanja, ndikufotokoza mmene magetsi amachitira kuno. Yankho linali la mzere umodzi: malamulo salola. Mwezi wotsatira unali wa mayeso, sindinauluke, ndipo ndinalandira kalata yondichenjeza kuti amene wadutsitsa masiku 30 osauluka amafufutidwa m'kaundula. Munthu wosalipidwa akuopsezedwa kuchotsedwa ntchito.

Malamulo sindidana nawo. Loletsa kuthamangitsa wotchi ndimaliteteza, chifukwa kudikira kumeneko ndi kumene kumapangitsa kutera kukhala kokoma. Koma lamulo la masiku 30 silikometsa ulendo wa aliyense. Limangothandiza kuti kaundula azioneka wodzaza ndi anthu akhama, ndipo analilemba anthu amene magetsi sanawathimirepo pakati pa ulendo. N'chimodzimodzi ndi mpikisano wa amene watera mofewa kuposa onse, umene umachititsa anthu kuyandamitsa ndege mpaka pakati pa msewu wake pofuna nambala yokongola, pamene oyendetsa 737 enieni amaphunzitsidwa kuiika pansi molimba pamalo oyenera, makamaka kukagwa mvula. Awa ndi ana amene pamasanje ankafuna kukhala mfumu tsiku lililonse. Funso lawo ndi lomwe lija la mnzanga, angosinthapo pang'ono: maola angati, udindo wanji, nambala yanji.

Sindinatuluke m'kampanimo. Masiku ano magetsi akamavuta ndimasankha ulendo waufupi, Chileka kupita ku Lilongwe, wosakwana ola limodzi, kuti dzina langa lisafufutidwe. Wautali ndasungitsa wa Loweruka likubwerali, wobwerera kuchoka ku Johannesburg. Mnzanga uja wafunsa ngati pali pobetchera kuti magetsi andipeza ndisanawoloke Zambezi kapena nditawoloka.