Utsi Uthe, Nsomba Zife?

Ine ndikukana kuomba m'manja msanga. Mu 2023 maiko a m'bungwe la IMO adapangana kuti pofika cha m'ma 2050 sitima zapamadzi zileke kuonjezera mpweya wotenthetsa dziko. Tsono ambiri akuti amoniya, wopangira feteleza uja, aloŵe m'malo mwa mafuta. Komatu amoniya ndi chiphe kwa nsomba! Mafuta akatayika amayandama, anthu nkumayengula. Amoniya amasungunukiratu m'madzi, ndipo madziwo akakhala ofunda ukali wake umakula. Nanga nyanja zofundazo nza yani? Katundu wathu amadzera ku Beira ndi ku Nacala, kumene mabanja a asodzi amadyera nsomba zomwezo. Eni sitima asanadzaze matanki, ayambe atiuza: akatayikira kumeneko adzamuyengula ndani?